Tizingojambulitsa pa zitsulo za eni mpaka liti?

Abale anga, pali chithunzi china chomwe chandisowetsa mtendere, ndiye lero ndati tikambirane.

Anachitumiza ndi msuweni wanga amene ali ku Cape Town. Chinafika pa WhatsApp ya mayi ake kuno ku Embangweni m'mawa, koma pofika madzulo chinali chitazungulira msika wonse, kuyambira kwa amayi ogulitsa tomato mpaka kwa anyamata a kabaza. Mnyamatayo waima m'mphepete mwa nyanja yamchere, pamalo otchedwa Sea Point. Kumbuyo kwake kuli chimagalasi cha dzuwa chopangidwa ndi chitsulo, chachikulu choti ngakhale njovu itha kuvala. Dzuwa likumira m'madzi, chitsulo chonse chili psuu ngati makala a pambaula, ndipo nkhope ya mnyamatayo ili see ngati mwana wa nduna. Azakhali anga misozi inalengeza. Amvekere: "Mwana wanga watukuka."

Ine ndikudziwa zomwe azakhali sakudziwa. Mnyamatayo amatchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa m'nyumba za eni. Amagona m'kachisakasa ka malata pamodzi ndi anzake atatu, ndipo akaona galimoto ya polisi amakhotera njira ina chifukwa masiku a pasipoti yake anatha kalekale. Ku Sea Point anapitako Lamulungu limodzi lokha, atabwereka jekete. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma chithunzi sichinena zonsezi. Pasanathe miyezi iwiri, anyamata awiri a m'mudzi mwathu anakakamiza makolo kugulitsa ng'ombe, n'kukwera basi ya ku Joni.

Sindikumudzudzula msuweni wangayo ayi. Ndani amatumizira mayi ake chithunzi cha chisakasa? Funso langa lili pena: bwanji mwana wa ku Mzimba ayende ulendo wa masiku atatu kuti akapeze malo oti aime monyadira n'kujambulitsa, pamene nyanja tili nayo konkuno?

Ndiyambe ndi kuulula chinsinsi cha chithunzicho, chifukwa si matsenga. Ine sukulu ya ukachenjede ndinaisiyira panjira fizi itavuta, ndipo kwa zaka zingapo ndinkadya za kamera, kujambula maukwati ndi ana omaliza Fomu 4. Ndiye zinazi ndikuzidziwako.

Chitsulo chonyezimira chilibe mtundu wakewake. Chimabwereka kwa chilichonse chomwe chayang'anizana nacho. Masana dzuwa lili paliwombo, chimathobwa m'maso, ndipo kamera imasokonezeka: chitsulo chimatuluka mbuu, nkhope ya munthu bii. Koma dzuwa likapendeka, kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochuluka kusananafike kwa ife. M'njiramo mtundu wobiriwira wa thambo umamwazika, n'kutsala wofiira ndi wachikasu. Chitsulo chimatenga mitundu imeneyi, madzi nawo n'kukhala kalilole wachiwiri. Nthawi imeneyi ngakhale foni ya pakaunjika imajambula ngati ya bwana.

Kwa ophunzira amene mukufuna kuyesa, malangizo ndi ochepa. Pukutani diso la foni ndi malaya, chifukwa thukuta la chala limawononga zithunzi zambiri kuposa kutchipa kwa foni. Musaime maso ndi maso ndi chitsulocho, mungadzijambule nokha muli chigwirire foni. Sunthirani chakumbali, munyonyomale pang'ono kuti chitsulo chitenge thambo. Fulashi zimitsani, imangosiya kadontho koyera. Dinani pamalo owala kwambiri pagalasi la foni kuti kuwala kutsike. Ndipo dzuwa likangolowa musathamangire kunyumba, mitundu yokongola imabwera pambuyo pake. Kungoti kwathu kuno mdima sunyengerera: mphindi pafupifupi 20 zokha, kwada. Nchifukwa chake wojambula wanzeru amafika msanga, n'kusankhiratu poima.

Mwaona tsono? Zofunika ndi zitatu basi: dzuwa, madzi ndi chinthu choimapo. Ziwiri zoyambazo Mulungu anatipatsa zaulere. Chachitatucho ndiye chatikanika.

Ena anena kuti nyanja yathu inayang'ana kolakwika. Zoona, Sea Point inayang'ana kuzambwe, ndiye dzuwa limalowera m'madzi. Ku Nkhata Bay, ku Chintheche ndi ku Senga Bay madzi ali kum'mawa, dzuwa limatulukira m'nyanja n'kukalowera kuseri kwa mapiri. Koma wojambula aliyense akuuzani kuti zimenezi ndi mwayi. Madzulo kuwala kumachokera kumtunda, kumbuyo kwa wojambula, n'kugwera pankhope ya wojambulidwa, pamene thambo la kutsidya likusanduka lofiirira. Mwezi ukakhala wathunthu umatuluka m'madzi nthawi yomweyo dzuwa likulowa. Kukada pang'ono, nyali za asodzi a usipa zimayamba kuyaka imodziimodzi. Wofuna dzuwa lomira m'madzi apite ku Cape Maclear, alipeza. Kunena mosapsatira, pa nkhani ya kuwala palibe amene angatiphunzitse.

Tsono tiyeni tiyende m'mphepete mwa nyanjayi, tione chomwe tinaimikamo.

Ku Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, pali nsanja ya wotchi yomwe inamangidwa mu 1903. Kukumbukira yani? Mfumukazi Victoria ya ku Mangalande, mayi amene sanapondeko m'dziko muno. Pafupi pake pali mfuti ya m'sitima ya Guendolen, ija inakathira nkhondo sitima ya Majeremani mu August 1914. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 July 1946. Koma Vipya sinamirire ku Mangochi. Inamirira kumpoto kuno, kufupi ndi Chitimba, komwe kale ankati Florence Bay. Amene amadutsa pa msewu wa M1 kupita ku Karonga kukapikula katundu ku Kyela amaona madziwo pawindo la basi, koma ndi angati akudziwa kuti pansi pake pagona anthu ochuluka chotero?

Ku Nkhata Bay chipilala chilipo, chokumbukira anthu amene anawomberedwa padoko pa 3 March 1959, pamene anakhamukirako kukafuna abale awo omwe anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Lipoti la Devlin linawerenga anthu 20, eni ake a ku Nkhata Bay amawerenga 31. Chaka ndi chaka akuluakulu amapita ndi nkhata za maluwa, amayankhula, amajambulitsa, galimoto n'kuliza ulendo. Pa 4 March zii. Kodi munaonapo mwana wa sekondale ataika chithunzi cha pamenepo pa Facebook mwa kufuna kwake? Ine ayi. Timapitako ngati kumaliro, kamodzi pachaka, titavala nkhope za chisoni.

Wina afunsa: nanga chithunzi n'chiyani kuti mpaka tidzaze nacho tsamba lonse? Ndikuyankheni ndi nkhani ya John Chilembwe.

Mu 1914, potsegulira tchalitchi chake ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, Chilembwe anajambulitsa ataima ndi mmishonale wachizungu John Chorley. Chilembwe anali atavala chipewa, m'masiku amene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chaka chotsatira, 1915, Chilembwe anaphedwa ndipo tchalitchicho asilikali a atsamunda anachigwetsa. Manda ake anabisidwa. Koma chithunzi chinatsala. Patapita zaka zoposa 100, m'Malawi mnzathu Samson Kambalu anatenga chithunzi chomwecho n'kupangira chiboliboli chotchedwa Antelope, Chilembwe atakula kuposa mzungu uja, chipewa chili kumutu. Chinaima pa Trafalgar Square, pakati pa mzinda wa London, kuyambira 2022 mpaka 2024. Mfuti zinagwetsa njerwa, koma kapepala ka chithunzi zinakalephera.

Nanga amene anajambulitsa pa Chilembwe wa Kambaluyo ndani? Alendo a ku Japan, a ku America, ndi a Malawi ochepa a ku Mangalande. Ife eni Chilembwe tinangomuonera pa foni. Mwana wathu, mbiri yathu, luso lathu, koma bwalo la eni.

Masiku ano anthu amakumbukira ndi zithunzi, amasirira ndi zithunzi, ndipo monga ndaonera m'mudzi mwathu, amagulitsa ng'ombe chifukwa cha zithunzi. Dziko lomwe lilibe malo oti ana ake ajambulitse monyadira likuwauza mwakachetechete kuti zabwino zili kwina. Ndiye tisamadabwe mabasi a ku Joni akamadzaza pa Mzimba boma ndi pa Jenda. Inde, chachikulu chowathamangitsa ndi ulova, sindikutsutsa. Koma maso nawo ali ndi mbali yake.

Tiphunzireko kwa anzathu a ku Iceland. Mu 1990, dzikoli lili ndi anthu pafupifupi 250,000 okha, anaimika m'mphepete mwa nyanja mumzinda wa Reykjavik chiboliboli cha chitsulo chosachita dzimbiri chotchedwa Sun Voyager, chooneka ngati mafupa a bwato. Mmisiri wake, Jón Gunnar Árnason, anamwalira mu 1989 asanachione chitaima. Palibe nkhope ya pulezidenti, palibe dzina la kampani. Koma alendo ofika mumzindawo amathamangira pamenepo madzulo, foni m'manja, n'kutumiza dzina la Iceland padziko lonse popanda boma kulipira tambala. Boma la Mzimba lokha, pa kalembera wa 2018, linali ndi anthu oposa 900,000. Tikuchepa pati?

Ndikudziwa zomwe ena mwayamba kale kung'ung'udza. Chiboliboli sichidyedwa. M'zipatala mankhwala akusowa, feteleza wakwera, ndiye wina azikamba za zitsulo zonyezimira? Funso labwino, ndipo ine sindikupempha kuti achotse ndalama za mankhwala. Koma inu a malonda ndinu oyamba kudziwa kuti pomwe anthu aima, ndalama imagwa. Basi ikangoima mphindi khumi pa Jenda, mbatata, anyezi ndi tomato zimatha. Malo oti anthu amabwera dala madzulo aliwonse kudzajambulitsa amadyetsa wokazinga tchipisi, wowotcha chambo, wogulitsa zitenje, wa kabaza, ndi mnyamata wa kamera ngati m'mene ndinalili ine. Panopa mlendo akafika kunyanja amalowa kumpanda wa loji, amadyera momwemo, amajambulira momwemo. Wamalonda wamba amangoona fumbi la galimoto. Chiboliboli cha pagulu chilibe geti, chilibe mlonda wofunsa ngati mwalipira chipinda.

Ena ati akuba adula chitsulocho usiku umodzi n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Mantha amenewa ndi oona, tonse taona zikwangwani za m'misewu zikusanduka mbaula ndi mafosholo. Koma mwaonapo wina akuzula belu la tchalitchi cha m'mudzi mwake? Anthu amaba chomwe akuchiona ngati cha boma, kutanthauza chopanda mwini. Chomwe anasonkhera okha, chomwe chikuwabweretsera makasitomala, amachilondera okha. Choncho chiime pakati pa anthu, pafupi ndi doko ndi msika, osati patchire pomwe nduna yaloza.

Mantha anga enieni ali pa anthu awiri: wandale ndi wa kampani. Tibwerere ku chimagalasi cha msuweni wanga chija. Dzina lake ndi Perceiving Freedom, anachipanga ndi Michael Elion mu 2014, ndipo chinayang'ana ku Robben Island komwe Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 18. Ankati n'chokumbukira Mandela. Koma ndalama zina zinachokera ku kampani ya magalasi ya Ray-Ban, ndipo maonekedwe ake anali a magalasi a kampaniyo. Anthu ambiri a ku South Africa anakwiya. Mandela maso ake anawonongeka ndi kunyezimira kwa miyala ya laimu yomwe ankaphwanya pachilumbapo, akaidi n'kuchita kupempha magalasi kwa zaka asanawapatse, ndiye wina atenge ululu umenewu kutsatsira malonda? Pasanapite masabata ambiri, anthu ena anakachipopera penti usiku. Msuweni wanga sankadziwa zonsezi. Iye anangoona kuwala.

Ifenso tinalawako mu 2018, pamene anayamba kumanga poika chiboliboli cha Mahatma Gandhi pa Ginnery Corner mu Blantyre popanda kufunsa eni mzinda. Achinyamata anasonkhanitsa masiginecha, nkhani inakafika ku khoti, ntchito n'kuimitsidwa. Phunziro lake n'losavuta: safunsa anadya phula. Chinthu choima pagulu chiyambe ndi kufunsa gulu. Ndipo chonde, tisaikepo nkhope ya munthu amene akadali ndi chipani. Dziko lino tikudziwa m'mene maina a misewu ndi zipatala amasinthira boma likasintha.

Nanga tiimike chiyani? Maganizo anga ndi awa, inu muwonjezere.

Pa Chitimba paime bwato lachitsulo, pansi pake palembedwe za Vipya, kuti basi ziziima anthu atsike. Pa Nkhata Bay paime chikumbutso cha machona, abale athu amene anapita kukasaka ndalama osabwerako. Palibe banja ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay lopanda mtchona. Agogo athu anapita pa Wenela. Mu April 1974 ndege yobweza anthu ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, a Malawi oposa 70 n'kufera pomwepo, mpaka Kamuzu analetsa ulendo wa Wenela. Abambo athu anapita pa Theba mpaka 1988. Mu 2008 ndi 2015 tinaona mabasi akubweza abale athu othawa zipolowe zodana ndi alendo, ena atangotsala ndi malaya apathupi. Lero akupitabe, ena akubwera m'mabokosi. Mbiri yaikulu chonchi, poikumbukira pali kuti?

Ndipo pali dzina limodzi lomangiriza Nkhata Bay ndi Cape Town yemweyo. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira kufupi ndi Bandawe, wophunzira ku Livingstonia, ndi amene mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU pakati pa onyamula katundu padoko la Cape Town. Bungweli linakula mpaka kugwedeza boma la azungu m'zaka za m'ma 1920. Anamwalira ku East London mu 1951. Msuweni wanga anaima kamtunda pang'ono kuchokera padoko limenelo osadziwa kuti mtchona mnzake anachitapo zazikulu. Si kulakwa kwake. Kwawo kuno ndani anamuuza?

Chikumbutso cha machona chimenechi ndikufuna chikhale chonyezimira dala. Munthu wonyamula sutikesi, wopanda nkhope, kuti aliyense woima patsogolo pake azione nkhope yake. Mayi wodikira mwana adzione. Mnyamata amene tikiti ya ku Joni ili kale m'thumba adzione, aganize kawiri. Wobwerako adzione, aseke kapena alire. Kumbuyo kwawo kukhale nyanja yathu, itavala mitundu ya madzulo.

Amisiri tisachite kuitanitsa kunja. Ku Mua, pa KuNgoni pomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, paphunzira osema ambirimbiri. Ku yunivesite ku Zomba kuli ophunzira zaluso omwe akamaliza amasowa kolowera. Ku Mzuzu, ku Ndirande ndi ku Mchesi kuli owotcherera zitsulo amene amapanga mageti ndi mawindo okongola kuposa ogula m'sitolo. Chitsulo chake ndi chomwe chija cha masupuni ndi masinki, chosachita dzimbiri. Anzathu a kunyanja yamchere amavutika chifukwa mchere umadya zitsulo, mpaka amagula mtundu wodula kwambiri. Madzi athu alibe mchere. Apanso tili ndi mwayi.

Ndalama? Mutu umodzi susenza denga. A ku Joni omwewo amasonkherana m'magulu awo pa WhatsApp mnzawo akamwalira, kuti maliro abwere kumudzi, ndipo ndalama zake si zamasewera. Amamanga nyumba za malata zomwe zasintha nkhope ya Mzimba. Atauzidwa bwino, angakane kusonkhera chinthu chokumbukira iwo eni ndi makolo awo? Khonsolo ipereke malo, mafumu avomereze, amalonda a padoko aikepo kangachepe. Kampani yofuna kuthandiza ithandize, koma dzina lake lilembedwe laling'ono, kumbuyo, pansi.

Dzulo madzulo ndinadutsa pa tchalitchi cha Loudon kuno ku Embangweni, mishoni yomwe Donald Fraser anakhazikitsa mu 1902, komwenso phulusa lake linadzaikidwa atamwalirira kwawo ku Scotland. Dzuwa linali likutsikira cha ku Zambia, njerwa zakale zija zili psuu. Ndinapeza atsikana awiri a sukulu akujambulana, wina akuuza mnzake kuti asunthe pang'ono dzuwa limugwere kumaso. Palibe anawaphunzitsa. Maso alipo, abale anga, njala yoona zokongola ilipo. Amene anaumba njerwa zimenezo anali agogo athu, opanda simenti ya ngongole, opanda alangizi ochokera kunja, ndipo mpaka lero ana akujambulitsapo. Ife a ma digiri ndi ma foni tidzasiya chiyani?

Chithunzi cha msuweni wanga azakhali anakachitsukitsa ku Mzimba boma, chili pakhoma pambali pa kalendala. Sindinawauze za chisakasa, ndipo sindiwauza. Koma ndikulakalaka tsiku lina mnyamatayo akadzabwera pa Khirisimasi, ndidzamutenge pa minibasi kudzera ku Chikangawa ndi Mzuzu mpaka ku Nkhata Bay, tidzafike dzuwa lisanalowe, ndidzamuuze kuti ima apa. Kenako chithunzicho adzatumize ku Cape Town, anzake a kumeneko nawonso asirireko.

A khonsolo a Nkhata Bay ndi Rumphi, a M'mbelwa, mafumu athu, ndi inu ophunzira zaluso, nkhani ndi imeneyo. Dzuwa likulowa tsiku ndi tsiku, silidikira bajeti.